Kompyuta Inabwerera Pamene Ulesi Unayambira

M'nyumba ya telala munali mwambo. Ana ankadya pamodzi, kupemphera pamodzi, ndipo aliyense ankadziwa ntchito yake. Mwana wachisamba ataphunzira za makompyuta n'kulembedwa ntchito pa chipatala china chaching'ono, anthu oyandikana nawo anam'patsa dzina loti Injiniya.

Iye ankasamalira kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya odwala onse: matenda awo, zotsatira za magazi ndi mankhwala amene akumwa. Pambali pake panali kabokosi kolemba chilichonse chimene chasinthidwa. Zinthu zikalakwika, kabokosiko kankathandiza kubweza mbiri yonse kuti ikhale mmene inalili dzulo kapena m'mawa. Kakadzaza kankalira, ndipo Injiniya ankayenera kutsalira anzake akaweruka, kusamutsa zam'katimo n'kuyesa ngati zikutseguka.

Amene anayamba kumukopa ndi dalaivala wa ambulansi.

"Achimwene, mukulondera chiyani? Kompyuta ili ndi miyendo? Tiyeni tikanyowetse kukhosi."

"Kabokosi kadzaza, kakulira."

"Ndi khanda kodi? Kazimitseni, mudzakayatsa mawa."

Injiniya anaseka, nakazimitsa. Mawa lake sanakayatse. Poona kuti palibe chachitika, anazolowera kuweruka msanga.

Usiku wina atafika kunyumba, bambo ake anamva fungo la mowa. "Iwe, anthu akupatsa miyoyo yawo kuti usunge, ukubwera muno ukudzandira?"

"Bambo, za makompyuta simuzidziwa."

"Sindizidziwadi. Koma ulesi ndimaudziwa, ndipo ndi umenewu."

Lolemba lina anafika kuntchito ali ndi matsire. Anauzidwa kuti afufute mbiri ya wodwala mmodzi imene inalembedwa kawiri. Polamula kompyuta anaiwala kutchula wodwalayo, nadina batani. Kompyuta inamvera. Inafufuta onse.

Anamwino anayamba kugogoda pachitseko, aliyense ali ndi wodwala amene sakupezeka m'kompyuta. Mkulu wa chipatala anaitanitsa katswiri wa ku kampani imene inaika makinawo, mayi wosachuluka mawu.

"Musade nkhawa," anatero mayiyo. "Tibweza mbiri ifike pamene inali m'mawa uno, batani lisanadinidwe." Anagwada n'kusuzumira kabokosi kaja. Nkhope inasintha. "Wakazimitsa ndani?"

Anatembenukira kwa Injiniya.

"Ndikufunsa iwe, mnyamata. Kanasiya kulemba mvula isanayambe. Lero mvula yatha."

"Ndimati ndikayatsa, mayi."

"Umati. Ine ndingabweze mpaka pa tsiku limene unakazimitsa, basi. Chimene sichinasungidwe sindingachipange."

Mkulu wa chipatala anamenya tebulo. "Pabenchi panjapo pali mayi woyembekezera amene tinamusinthira mankhwala mwezi watha, chifukwa oyamba ankamutupitsa. Tsopano kompyuta yako izitiuza kuti timupatse oyamba omwewo. Ameneyo ndamukumbukira ine. Nanga enawo ndi angati? Tatchula."



Odwala anaitanidwanso kudzayezetsa magazi. Ena anabwera akukalipa, ena sanapezeke konse. Injiniya anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Pageti anakumana ndi dalaivala uja akupukuta galimoto.

"Pepani achimwene," anatero osasiya kupukuta. "Komatu ine sindinakugwireni dzanja."

Kunyumba amayi ake analira. Iye anayamba kufotokoza kuti chala chinangoterereka.

"Khala chete," anatero bambo ake mwaukali. "Chala chimaterereka kwa aliyense, n'chifukwa chake anaikapo kabokosi. Chakuchotsa ntchito si chala. Ndi madzulo onse aja amene unkadziwa kuti kazima, iwe n'kumamwa."

Mnyamatayo anagwada, napempha kuti amukhululukire. Makolo anamukhululukira, ndipo iye mowa anasiya. Koma chipatala sichinamuitanenso, ndipo mbiri ya miyezi ija sinabwerere.

Wachinyamata aliyense amene wapatsidwa zinthu za ena kuti asunge amve izi. Ngozi imakonzeka ngati unali wokhulupirika masiku amene panalibe wokuona. Ukalola mowa ndi ulesi kukuchotsa pa ntchito yako, tsiku la tsoka udzafuna pobwerera, ndipo udzapeza kuti unatsekapo wekha.