Bambo Adyo Akana Kuchoka M'kabokosi

Anzanga musaseke kkkk, ngakhale ineyo ndikuseka koma ndi manyazi. Izi nzoona, malume analipo, kawafunseni.

Ndinawapangira malume kapulogalamu ka ku babashopu kwawo. Kasitomala akafika umadina kabokosi pa sikirini ya kompyuta, mayina a ometa amatsika, nkusankha mmodzi. Ndiye wometa wina anamwalira, bambo aakulu ndithu, okonda kutafuna adyo ati amatsitsa magazi. Ine mumtima ndinkawatcha Bambo Adyo kkkk. Sindinauzepo munthu, ndikulumbira. M'kompyuta ndinalemba dzina lawo lenileni.

Malume anati ndichotse dzinalo akazi awo asanabwere kudzatenga mashini ometera a malemuwo, angalione nkuyambiranso kulira. Ndafufuta, pulogalamu thi! Ndayatsa, yazimanso. Kenako ndinaligwira vuto. Ukakhuthula kabokosi, pulogalamu imayesa munthu wasankha, imakatenga dzina pomwe palibe kanthu, nkugwa. Ndiye ndinaitseka makutu kaye, nkukhuthula, kuthiramo mayina otsala, kenako nkuitsegula makutu. Zinatheka!! Mpaka ndinavina, malume nkumati ndisawagwetsere galasi.

Mayi aja anafika masana dzuwa likuswa mtengo. Tinawapatsa mpando pafupi ndi sikirini, tikupepesa.

Wailesi yomwe inkalira mushopumo inangoti zii.

Kenako fungo. Adyo.

Mashini aja anali m'jumbo, waya wokulungakulunga. Anayamba kulira. Zzzz. Chapansipansi.

Mausi ya kompyuta sindinaikhudze. Kabokosi kanatsika kokha. Mayina a amoyo. Pansi pake lina.

Bambo Adyo.

"Iwe mtsikana," malume ananong'ona, "walemba chani apa?"

Ndinkafuna ndingolowa pansi.

Mayi aja anasendera, nkuwerenga akulondola ndi chala. Sanalire. Anandiyang'ana mpaka ndinasowa poika nkhope.

"Kani ndiwe," anatero motsitsa. "Amuna anga ankati kuntchito kuli kamtsikana kamawatchula choncho. Nditafunsa anamva kwa ndani, anangoseka."

Mashini anasiya kulira.

Mayiwo sanawatengenso. Anawaika pampando wa amuna awo, ati eni ake sanathane nawo, nkutsanzika.

Ndafufuza khodi yonse ya pulogalamuyo mzere ndi mzere, dzinalo mulibe. Koma ukadina kabokosi, lilipo. Pulogalamu sinagwenso chigwere. Malume akuti dzinalo ndisaligwirenso.

Pano ndikalowa mushopumo ndimayamba ndapereka moni kumpando wopanda munthu uja, dzina lawo lenileni, mpaka ndi mfunda womwe kkkk. Maso pansi.