Nkhope ya Kaseka pa Timakapu ta Yogati

Mayi wina wamasiye ankapanga yogati m'ndowa ziwiri zapulasitiki n'kumagulitsa pageti la sukulu. Umphawi unali utamanga nthenje m'nyumba mwake. Dzuwa likawomba, yogatiyo ankasasa n'kuthera m'ngalande. Koma chinkamudya mtima kwambiri n'chakuti mnzake amene iye anamuphunzitsa ntchitoyi anali atagula kale furiji ndi galimoto.

Chuma chake chinali chimodzi basi, kamwana kakakazi komwe anthu ankakatcha Kaseka, poti kankaseka ngakhale katagona ndi njala.

Tsiku lina masana, mayiyo anapita kwa sing'anga amene anali ndi kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala.

"Ndatopa, bambo," anatero mayiyo. "Ndikufuna yogati wanga adziwike."

"Ine sindipempha mbuzi kapena magazi," anayankha sing'angayo. "Chizimba chake ndi nkhope. Muike chithunzi cha mwana wanu pakapu iliyonse, dzina lake likhale dzina la malonda anu. Aliyense wakumwa yogatiyo azimwako pang'ono moyo wa mwanayo."

"Pang'ono bwanji?"

"Kadontho chabe, mayi. Kodi ng'ombe imafa chifukwa choikama?"

"Nanga ndikadzafuna kusiya?"

"Mudzachotse chithunzicho pamakapu onse. Koma wochotsa akhale mwini wake wa dzinalo."

Mayiyo anagwira mawu oti kadontho aja, enawo anawaponya kunkhongo.

Pasanathe chaka, yogati wa Kaseka anali m'golosale iliyonse. Ndowa ziwiri zija zinasanduka fakitale ya antchito makumi atatu. Pakapu Kaseka ankasekabe, mano awiri akutsogolo atagweluka, koma kunyumba anasiya kuseka. Kenako anasiya kusewera. Manja ake anawonda ngati mapesi, ndipo madokotala anayeza zonse osapeza kanthu.

Apa mayiyo anachita mantha, koma dyera silinamusiye. Kuchotsa chithunzi kunali kupha malonda. Ndiye anaganiza zochenjera: akagulitsa fakitale, tsokalo litsata mwini watsopano, iye atsala ndi mwana komanso chuma. Anagulitsa kwa bambo wina wa magolosale ambiri, n'kusayina mapepala osawerenga bwino. M'mapepalamo munali makina, dzina, ndi chithunzi chomwe.

Bamboyo anawonjezera batala ndi mkaka wam'mapaketi, zonse zili ndi nkhope ya Kaseka. Patapita miyezi anagulitsa kwa kampani yaikulu ya mkaka, nayonso inagulidwa ndi ina yakunja. Mwini aliyense watsopano ankasindikiza makapu ochuluka kuposa mnzake. Kaseka sankathanso kudzuka pabedi.

Mayiyo anathamangira kwa sing'anga uja.

"Ndinakuuzani kuti wochotsa akhale mwini dzina," anatero sing'angayo osamuyang'ana n'komwe. "Dzinalo ndi lanu?"

Mayiyo anapita ku ofesi ya kampani, anagwada pakapeti pamaso pa bwana wa zamalonda.

"Bwana, chonde chotsani nkhopeyo. Ndi mwana wanga, akufa. Tengani nyumba yanga, galimoto, zonse."

"Pepani mayi," anatero bwanayo mwaulemu, "chithunzicho ndi katundu wa kampani. Ngakhale ine ndilibe mphamvu, eni ake ali kutali. Anthu amagula chifukwa cha kamwanako."

Anamupatsa kapu ya yogati yoti amwe panjira.

Kaseka anamwalira m'mawa wa tsiku limene kampani inakweza chikwangwani chachikulu cha nkhope yake pamphambano. Maliro anadutsa pansi pake, mwana wapachikwangwani akuseka.

Mayiyo mutu unasokonekera. Mpaka lero amalowa m'magolosale, nsalu zili mbuu, n'kumakanda timakapu ndi zikhadabo kuti achotse nkhopeyo. Alonda akamukokera panja amakuwa kuti, "Musamumwe mwana wanga!" Madzulo galimoto imabweretsa makatoni ena.

Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chuma chokhwimira chimadya chomwe umachikonda, ndipo ukachigulitsira dyera sudzachiwombolanso.