Moni wa a Watson

Azakhali a Liness anafika ku Thambani dzuwa lili paliwombo, fumbi litawakwera mpaka m'mawondo. Sanaodire n'komwe. Anangolowa m'kasitolo kotchajitsa mafoni momwe Tiyese ankagwira ntchito, n'kuika foni yawo ya mabatani patebulo.

"Tawerenga, poti ndiwe wa zimenezi."

Tiyese anawerenga: "Moni alimi athu okondedwa a ku Kanduku. Tikukhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu onse. Tikukudziwitsani mwaulemu kuti galimoto ya ogula manache". Uthengawo unathera pomwepo.

"Galimotoyo inabwera dzulo," anatero azakhaliwo. "Akuti inaima pamlatho, n'kudikira, n'kubwerera yopanda kanthu. Ife ogulawo anatiuza kuti tithyoleretu, tsiku ndi malo tidzamva pafoni. Manachesi ali m'madengu, ayamba kale kufewa. Ndiye tidye moniyu?"

Tiyese anangoyang'ana foniyo. Ankadziwa kuti apa munthu amayenera kuchita manyazi kapena mantha, koma mumtima munali zii. Zinakhala choncho chiikireni maliro a bambo ake m'nyengo ya mvula. Chakudya ankadya osamva kukoma. Munthu akamuuza kanthu ankangoti eya, kuti nkhani ithe msanga.

Pulogalamu yotumiza mauthengawa inkatchedwa Tikolole. Inalibe mwini mmodzi. Mizere yake yonse inali poyera pa intaneti, ndipo aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu ankatha kuikonza mongodzipereka. Amene anaiyambitsa anali a Watson, mlangizi wa zaulimi amene boma linawatumiza ku Mwanza kuchokera ku Dedza. Panalinso Lusayo, wophunzira wa ku koleji ina ku Blantyre, ndi ena amene Tiyese ankangowadziwa maina. Iye analowamo atalemba mayeso a Folomu 4, chifukwa kusukulu anali m'kalabu ya makompyuta.

Tsiku lina pagulu lawo la pafoni panafunsidwa amene angamasamale chikalata cha malamulo, chomwe chimafotokoza kalembedwe kamene aliyense ayenera kutsatira asanasinthe kanthu m'pulogalamumo. Palibe anayankha. Tiyese analemba kuti, "Ine." Ntchitoyo anaikonda chifukwa sinkafuna kulankhula ndi munthu. Makasitomala akachepa ankatsegula laputopu yakale ya mwini sitolo, n'kumawongola ziganizo ndi kuona ngati zomwe anthu atumiza zikutsata malamulowo.

Lamulo lina linkati uthenga uliwonse uyambe ndi tsiku ndi malo, chifukwa pulogalamuyo imadula uthenga ukatalika. Kenaka a Watson anatumiza kusintha kwawo. Analemba kuti si ulemu kuuza munthu wamkulu za galimoto usanamupatse moni, ndipo anaika moniwo patsogolo pa mauthenga onse. Tiyese anaona nthawi yomweyo kuti zaphwanya lamulo. Koma a Watson anali msinkhu wa bambo ake, ndipo pamaliro paja anabwera ndi njinga yamoto mpaka kumanda. Akanayamba bwanji kuwauza kuti alakwitsa? Anatsegula chikalata chija, n'kufufuta lamulolo, kenaka n'kuvomereza kusinthako. Zonse zinagwirizana. Palibe anafunsa.

"Ukundimva koma?" anatero azakhali, akugogoda patebulo.

"Eya."

"Eya chiyani? Ogulawo akuti abweranso Loweruka, koma sakudziwa ngati adzere kwathu. Akuti anthu a ku Kanduku ndi achibwana. Akatilambalala, chaka chino tangolimira ntchentche."

Azakhali atatuluka, Lusayo anaimba foni.

"Asisi a malamulo, muli moyo? Ndakhala ndikusaka mbuzi imene yadya lamulo lathu lija. Ndapeza mapazi ake, koma akuoneka ngati anu."

"Ndine ndinachotsa."

"Ndaona. Pajatu zonse zimasungika, dzina ndi tsiku lomwe. Ndikhoza kubwezeretsa pompano, koma a Watson adzabwezanso moni wawo, poti sakudziwa chomwe chavuta. Ine akangomva mawu anga amati anyamata a m'tauni tilibe mwambo. Uwauze ndiwe."

Mmawa mwake Tiyese anapempha tchuthi n'kukwera pikapu yopita ku boma. Anakhala pamwamba pa matumba a mtedza, mphepo ikumuwomba kumaso, mapiri akudutsa ngati zithunzi za m'buku la wina. Mawu oti akanene anawakonza njira yonse, koma atafika pakhomo la ofesi ya a Watson onse anabalalika.

"Ee, mwana wanga!" anatero a Watson, akumukokera mpando. "Amayi ali bwanji? Nanga azichimwene? Mbuzi zija zinaswa?"

Tiyese anayankha zonse mmodzimmodzi, manja ali pamaondo. Moni utatha anatulutsa foni ya azakhali, yomwe anaibwereka, n'kuipereka ndi manja awiri.

A Watson anavala magalasi. Anawerenga, n'kudina batani kuti aone kumunsi. Kunalibe kanthu. Anadinanso.

"Zina zonse zapita kuti?"

"Zinaduka. Moni unadya malo onse." Mawu a Tiyese anatuluka ang'ono, ngati a munthu wina. "Panali lamulo loletsa zimenezi. Inu munaliphwanya, ine n'kulifufuta kuti musaoneke olakwa."

A Watson anavula magalasi aja n'kumuyang'ana.

"Ndiye unaona dzenje, n'kuliphimba ndi udzu kuti ine ndidutsepo mwaulemu?"

Tiyese anawerama. Makutu anayamba kumutentha, kutenthako n'kutsikira m'khosi mpaka pachifuwa. Kanali koyamba m'miyezi yonseyi kumva kanthu kotere, ndipo kanali kowawa.

"Pepani."

"Kupepesako tikapepese ku Kanduku, tonse awiri. Panopa tsegula laputopu yangayi."

Anabwezeretsa lamulo lija. Pansi pake Tiyese anawonjezera chifukwa chake m'mawu osavuta, ndi lamulo latsopano loti uthenga uliwonse uziyesedwa kaye pa foni ya mabatani. A Watson anaimbira ogula aja n'kuwachonderera mpaka anavomera kudzaima pamlatho Loweruka mmawa. Manachesi amene anafewa kale analibenso mankhwala. Azakhali anali atataya madengu awiri kudzala, ndipo sabata imeneyo sanamulankhule Tiyese.

Kunatsala kulemba uthenga wa Loweruka. A Watson anakoka laputopu nayamba ndi tsiku ndi malo, monga mwa lamulo. Kenaka zala zawo zinapitirira. Anathokoza alimi chifukwa cha kudekha kwawo, anawafunira thanzi labwino, anaperekanso moni kwa ana. Atamaliza anatembenuzira makinawo kwa Tiyese.

"Apa ndiye zili bwino. Vomereza."

Tiyese anautumiza ku foni ya azakhali. Unadukira pakati pa thanzi labwino. Tsiku ndi malo zinalipo, ndipo akanatha kungousiya.

"Ayi, a Watson. Watalikabe."

"Iwe, ngakhale ka moni kamodzi?"

"Kamodzi kakwana. Atatuwa ayi."

A Watson anapukusa mutu, akung'ung'udza za ana a masiku ano. Kenaka anakokeranso laputopuyo kwa iwo, n'kuyamba kufufuta.