Mboni ya Pamlatho

Chiso ankasita malaya a bambo ake ngati munthu wosafuna kumaliza. Anayamba ndi kolala, anapita kumikono, kenako anabwereranso kukolala komwe kuja. Malayawo anali oyera, ogulidwa dala kuti akavalidwe kukhoti m'mawa mwake. Kwawo magetsi anali atazima chimadzulo, ndiye mayi ake anamutuma kukasitira kwa a Symon, kutsidya kwa dambo, kumene kunkawalabe.

A Symon anali mkulu wa anthu a ku Chipata okhala mu Vosloorus. Maliro akagwa, ndiwo ankayendetsa zotumiza mtembo kumudzi. Munthu akagwidwa ndi apolisi, ndiwo ankapeza loya. Usiku umenewo anakhala pafupi ndi tebulo lositira, botolo lili pakati pa mapazi, akumubwerezera mtsikanayo mawu amene anali atamuuza kale kangapo.

"Woweruza akakufunsa, iwe uzingoti adadi sanamwe. Galu anadutsa pamsewu, iwo pomuzemba anagunda mtengo wa magetsi. Basi. Wamva, mwana wa Langton?"

"Ndamva."

"Loya akuti magazi oyezera mowa anawatenga mochedwa kuchipatala, nthawi ya lamulo itadutsa. Umboni umene uja ulibe mano. Chatsala ndi pakamwa pako." Anakweza botolo, namwa, napukuta milomo ndi kuseri kwa dzanja. "Kuno ku Joni timafunda bulangete limodzi. Akawapeza olakwa, laisensi yapita, ntchito ya ku Kempton Park yapita, ndende ikuwadikira. Ndiye mlandu wake wa ana m'galimoto, aboma sauseka. Mudya chiyani inu?"

Chiso anatembenuza malaya aja, napitiriza kusita. Sankayankha kawirikawiri. Kusukulu aphunzitsi ankaiwala kuti aliko, kutchalitchi amayi ankamuyamikira kuti ndi mwana wa ulemu. Tsiku la ngozi lija nalonso anakhala chete. Ankachokera ku ukwati ku Germiston. Anawaona bambo ake akulephera kulowetsa kiyi, akuseka okha, fungo la mowa litadzaza galimoto. Iye anangomanga lamba wake n'kuyang'ana pawindo. Kumbuyo kunali mlongo wake wamng'ono, Mathew, atagona pampando, keke ya ukwati ili m'manja.

Galu kunalibe. Kunali mtengo wa magetsi wokha, ndi kulira kwa Mathew. Tsopano mwendo wa mwanayo unali ndi zitsulo zolowa mpaka m'fupa, ndipo madokotala sankanena za tsiku loti adzathamangenso.

Atazimitsa simbi n'kukoleka malaya pahang'ala, anapeza kuti kunja kwada zedi. Matekisi anali atasiya kuyenda. A Symon anadzuka mopepesuka, nayamba kupapasa m'matumba.

"Ima, ndikutule pagalimoto. Usiku wa kuno si wa mwana wamkazi."

Chiso anayang'ana makiyi aja, anayang'ananso botolo lopanda kanthu pansi.

"Zikomo, ndiyenda. Si patali."

Kunali kutali. Mphepo ya mwezi wa Juni inkalowa m'juzi ngati singano. Misewu yoyamba inali yowala, wailesi ikulira m'shebini ina, anyamata akuotha moto wa matayala pakona. Anawadutsa maso ali pansi, malaya atawanyamula m'mwamba kuti asakhudze fumbi. Atadutsa nyumba yomaliza, kuwala kunathera pomwepo ngati wina wadula ndi mpeni. Kutsogolo kunali dambo, udzu wake wopsa, ndi msewu wotsikira ku mlatho wa pakamtsinje ka mabango. Kutsidya, kwawo, kunali bii.

Anayenda mofulumira. M'mutu munkangozungulira mawu a a Symon. Adadi sanamwe. Galu anadutsa. Anayesa kuwanena chapansipansi kuti lilime lizolowere, koma linkawakana.

Atayandikira mlatho anaona kuti pali munthu.

Anali mayi wachitsikana, atakhala pazitsulo za m'mbali mwa mlatho. Anavala chitenje ndi bulauzi ya mikono yaifupi, m'chisanu chonsecho. Manja ake anali atawapinda kutsogolo, monga achitira munthu wofungatira mwana pamiyendo. Koma pamiyendopo panalibe mwana.

Chiso anaganiza zobwerera. Kumbuyo kunali kutali kuposa kutsogolo. Anapatukira mbali ina ya msewu, nayenda osayang'ana.

"Mvula yakata?"

Chinali Chinyanja cha kwawo, chofewa, chokoka mawu ngati cha mayi ake. Chiso anaima osafuna. Mvula inali isanagwe kwa miyezi.

"Kulibe mvula, amayi."

"Oo." Mayi uja anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ine ndimangoimvabe."

Anatsika pazitsulo paja n'kubwera pambali pake. Anayamba kuyendera limodzi. Chiso ankamva nsapato zake zokha zikugunda phula. Zake zokha...

"Malaya a alamu Langton amenewo. Amakonda oyera akamapita kukhoti."

"Mumawadziwa adadi?"

"Wakula, Chiso. Unkalemera pamiyendo iwe."

Mlathowo unali waufupi masana, koma tsopano sunkatha. Mabango anali zii. Achule zii. Panali kaphokoso kamodzi kokha, ka madzi odontha. Tho... tho... tho... Chiso anaponya diso pansi. Madziwo ankachoka kumphepete kwa chitenje. Bulauzi inali yonyowa, tsitsi lonyowa, ndipo m'tsitsimo munkanyezimira tizidutswa ta galasi.

Anafuna kuthamanga. Miyendo inakana.

Dzanja la mayi uja linakwera. Chala chinasuntha tsitsi la pamphumi pa Chiso n'kukhudza kachipsera kamene kanabisala pamenepo. Kuzizira kwake! Kunalowa mpaka m'mano.

"Ndinakugwira, mwanawe. Ndinakugwira zolimba. Apa pokha ndiye ndinalephera."

Mayi uja anachotsa chala, nafunsa:

"Ulendo uno akanena chiyani kukhoti?"

"Galu..." Linatuluka lokha liwulo.

Mayi uja anaseka. Kuseka kouma, kopanda mpweya.

"Galu. Kwa ine linali tayala."

Kumtunda kunatulukira magetsi a galimoto. Anatsika, anayandikira, anawala pamlatho ponse. Chiso anaona chithunzithunzi chake chitatalika pamsewu, ndi cha malaya pahang'ala. Chachitatu panalibe. Kuwala kunkadutsa m'chifuwa cha mayi uja n'kukagwa pazitsulo za kumbuyo kwake!

Galimoto inadutsa. Mdima unabwerera.

Pambali pake panalibe munthu. Panali ponyowa pokha paphula louma.

"Mayo!"

Anathamanga. Sanamve minga, sanamve agalu, sanamve mnyamata amene anamuitana pakona. Anakankha geti, anadutsa nyumba ya eni malo, nakagwera pachitseko cha kachipinda kawo ka kuseri.

Mkati munkayaka kandulo. Mayi ake, a Eva, anakhala m'mphepete mwa matiresi, akusisita mutu wa Mathew amene anagona chagada, mwendo wa zitsulo uja atautsamiritsa papilo. A Langton anali pampando, kapu ya mowa ili m'manja. Ankati ndi ya tulo, kamodzi kokha, poti mawa ndi tsiku lalikulu.

"Iwe, wakhalitsa kuti? Taona malaya wawakwinya!" anatero bambo ake.

Mayi ake ndiwo anaona nkhope yake. "Chiso, akuchita chiyani? Atsotsi?"

Anapukusa mutu. Anakhala pansi, msana pachitseko, nadikira kuti mpweya ubwerere. Kenako anafotokoza, moduladula, maso ali pakandulo. Ananena za mayi wa pamlatho, za manja ofungatira, za mvula. Ananena kuti mayiyo anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Ananena kuti anatchula bambo ake kuti alamu.

Dzanja la a Eva linaima pamutu pa Mathew.

"Anati chiyani china?"

"Anandigwira pachipsera. Anati kwa iwo linali tayala."

A Eva anatulutsa kaliwu kakang'ono, ngati munthu waponda khala la moto. Kapu ya a Langton inagunda pansi.

"Amake Chiso, khalani chete. Mwanayu wachita mantha ndi mdima, basi."

"Ndakhala chete mokwanira, atate ake Chiso." Sanawayang'ane amuna awo. Anayang'ana mwana wawo. "Ndi Angeline ameneyo. Mng'ono wanga, mayi ako aang'ono."

Chiso ankalidziwa dzinalo. Linkatchulidwa mwa apo ndi apo, mothamanga. Anamuuza kalekale kuti mayi ake aang'ono anamwalira ndi malungo kumudzi, ndipo chithunzi chawo m'nyumbamo munalibe.

"Si malungo," anatero a Eva. "Ndinamuitana kuchoka ku Chipata kuti adzandithandize kukulera, ine ndikupita kuntchito. Iwe unali usanayambe ndi kuyankhula komwe bwinobwino. Inali Khirisimasi, mvula ikugwa. Tinkachokera kuphwando, awa atamwa kuyambira masana. Iye anakhala kumbuyo, atakunyamula pamiyendo. Pamlatho pomwepo." Analoza pamphumi pa Chiso. "Iwe unatuluka ndi kachipsera ako. Iye anafera pomwepo, manja asanakusiye. Anthu anachita kukusolola."

Kandulo inagwedezeka. Mathew anabuula m'tulo.

"Ndiye mlandu?" anafunsa Chiso.

"Unalipo, wa kupha munthu. Akulu anakhala pansi, a Symon omwewa. Anati wakufa wafa, tipulumutse wamoyo. Ndinaima pamaso pa woweruza, dzanja m'mwamba, ndinati tayala linaphulika, amuna anga sanamwe. Mlandu unathera pomwepo. Laisensi anawabwezera." Misozi inkatsika koma mawu awo anali ouma. "Mtembo tinautumiza kumudzi, amama tinawauza za tayala. Mayi wachizulu amene tinkayandikana naye anandiuza kuti titenge nthambi ya mwambo wawo yotengera mzimu wa wakufa, tipite pamlatho tikamuitane dzina, timuuze kuti tiye kwanu. Ine ndinati ndife Akhristu, sitichita zimenezo. Sichinali Chikhristu ayi. Ndinkaopa kukaima pamenepo n'kumutchula dzina."

"Zakale zimenezo!" A Langton anadzuka, mutu unatsala pang'ono kugunda malata. "Zaka zonsezi ndakudyetsani, ndakuvekani, sukulu ndakuphunzitsa iwe. Ndani salakwa? Usiku wa lero ndi wokumba manda? Chiso, ukagone. Mawa ukanene zimene a Symon akuuza, tibwere kunyumba tonse."

Chiso anayang'ana bambo ake. Anali munthu amene ankamubweretsera maswiti kuchokera kuntchito, amene anamuphunzitsa kupalasa njinga pamsewu wa kutsogoloku, akuthamanga pambuyo pake. Anali yemweyo. Anayang'ana mayi ake, amene ananyamula tayala lija m'chifuwa mpaka tsitsi kuyamba imvi. Anadziona yekha atafika msinkhu umenewo, galu ali m'chifuwa, akusisita mutu wa mwana wina.

Anadzuka. Mawu anatuluka bwinobwino, okulirapo kuposa mmene aliyense m'nyumbamo anawamverapo.

"Adadi, kunalibe galu."

"Iwe!"

"Ndinakuonani ku Germiston mukulephera kulowetsa kiyi. Ndinafuna kunena kuti tikwere tekisi. Sindinanene, poti mwana sawongolera akulu. Aliyense amandiyamikira kuti ndine wachete. Chete wangayo ndi uyo wagona apoyo, ali ndi zitsulo m'mwendo. Amama anakhala chete, munthu mmodzi ali pamlatho mpaka lero akufunsa za mvula. Ndikakhalanso chete ine, mukatenga makiyi Loweruka likubwerali. Ndani wotsatira?"

"Ukudziwa chimene ukunena? Andimanga! Ndiwe mwana wanga iwe?"

"Ndine mwana wanu. Mathew ndi mwana wanu. Tonse tinali m'galimoto, adadi, ndipo munkadziwa kuti tilimo."

A Langton anatembenukira kwa akazi awo, kudikira kuti amudzudzule. A Eva anangoweramitsa mutu, nakoka bulangete kufunditsa phazi la Mathew.

"Mawa akandifunsa," anatero Chiso, "ndikanena kuti munamwa."