Madontho a M'kati mwa Galasi

Pamene sukulu yonse inkaombera m'manja pulifekiti pa asembule, Namadontho anangoluma mlomo, manja ali kumbuyo.

Dzinali linali lachipongwe. Teremu yapitayo, mtsikanayu atatopa ndi kutola mbalame zakufa pansi pa mawindo a laibulale yatsopano, anadontheza penti yoyera pa magalasiwo kuti mbalame ziziona kuti palibe njira. Amene anamugwira ndi pulifekiti yemweyu. Ahedi anamupalitsa penti yonse ndi lezala, n'kumutchetchetsa udzu anzake akumuseka. Lero maganizo omwewo, atatuluka pakamwa pa mnyamata wa tayi, anasanduka nzeru zakuya.

Masana Namadontho anapeza pulifekiti ndi gulu lake akudontheza penti m'laibulale. Anaona cholakwika nthawi yomweyo: ankapaka m'kati. Kunja galasi linkaonetsabe mitengo ndi mitambo ngati kalilole, madontho osaoneka n'komwe.

"Iwe, si unkati amapaka kunja?" mnzake wa pa desiki anamunong'oneza. "Auze."

"Ndiwauze ndine ndani? Si anzeru iwowo? Zawo zimenezo."

Lolemba akuwerenga anamva kuti phu! pa galasi. Atathamangira panja anapeza pumbwa ali gone, khosi litapindika, chiwala chikadali kukamwa. Mu mpanda wa maluwa pafupi pomwepo, tiana take tinali m'chisa yasaa kukamwa, tikulira. Namadontho anayesa kutidyetsa tizilombo ndi kamtengo, anatifunditsa ndi mpango wake, koma pofika Lachitatu chisa chinali chitadzaza nyerere.

Pulifekiti anamupeza atanjuta pamenepo.

"Ndamva kuti unkadziwa," anatero mnyamatayo. "Bwanji sunanene?"

"Ndinanena teremu yatha, bwana. Munandipatsa chikwakwa."

Mnyamatayo anazolika. "Zoona. Ndinakulakwira ndine. Nanga mbalameyi inakulakwira chiyani?"

Namadontho anayang'ana chisa chija. Kenaka anadzuka n'kubwerera m'kalasi.

Ataweruka, anakabwereka makwerero kwa alonda, n'kutenga chitini cha penti chimene gulu lija linasiya. Pulifekiti anabwera osaitanidwa, n'kugwira makwererowo. Anzawo ankadutsa ndi zikwama, ena akuimba mluzu, ena akufunsa ngati chibalo chayambiranso. Namadontho anakwera n'kuyamba kudontheza penti kunja kwa magalasi. Penti inkadonthera pa tayi ya mnyamatayo, iye osapukuta.

Atafika pa windo lomaliza la kutsogolo, pulifekiti anakweza maso.

"Pepa," anatero chapansipansi.

Namadontho anaviika burashi m'chitini osamuyang'ana.

"Gwirani makwerero. Kuseri kwatsala mawindo ena."