Mkaka wa a Kingsford

Kachubu kagalasi kanayamba kufiira Christina asanakachotse m'madzi owira. Anasuzumira pazenera, kenako anayang'ana a Vitalis, aphunzitsi a sayansi.

"Kafiira, aphunzitsi."

"Tsitsa mawu," anatero a Vitalis. "Mu mkaka muli timafuta tofanana ndi timene timakuta maselo a m'thupi mwathu. Timafutato tikakhala pamtunda, dzuwa nkumatiwomba, mpweya wa okosijeni umatiwononga. Mankhwala tathirawa amafiira akakumana ndi zowonongekazo. Basi. Sindinatchule munthu ine."

Kutchula kunali kosafunika. Mkaka waufawo inali mphatso ya a Kingsford, wapampando wa chipani m'dera la ku Limbe komwe kunali sukulu ya atsikanayo. Tsiku lopereka analamula kuti zitini zonse zitsegulidwe ndi kundandalikidwa pabwalo, kuti wojambula zithunzi aone kuti simunali mchenga. Analankhula maola atatu dzuwa likuswa mtengo. Zivindikiro zinasowa tsiku lomwelo, zitini nkukakhala kukamwa yasa m'nyumba yamalata miyezi iwiri.

Tsopano phala linkanunkha ngati penti. Hilda, mng'ono wake wa Christina, ankati akadya nkusanza, ndipo yunifolomu inayamba kumukhwepa. Koma aliyense ankakumbukira mphunzitsi amene anadandaulapo za mpanda womwe a Kingsford anamangitsa. Inabwera galimoto ya Landirova nkumutenga, ndipo njinga yake inachita dzimbiri kuseri kwa ofesi.

Lachisanu a Kingsford anafika, Landirova nkuima pageti osazimitsa injini.

"Ndamva kuti kuno kuli anzeru amene akuwiritsa mkaka wanga m'timabotolo," anatero pamaso pa sukulu yonse. "Ndani?"

Choko chinathyoka m'dzanja la a Vitalis.

"Ndine, bambo," anatero Christina. Analowa kukhitchini, natuluka ndi kapu ya tiyi wamkaka, nagwada. "Tinalakwa kumwa mwini wake asanalawe. Kwathu wopereka chakumwa ndiye amayamba."

Mwambowo a Kingsford sakanaukana, poti theka la zokamba zawo linkakhala la miyambo. Anamwa. Masaya anatukumuka, maso anayendayenda kufuna polavulira, koma paliponse panali mwana wasukulu. Anameza ngati akumeza mwala.

"Monga ndinkaganizira," anatero atapeza mpweya. "Mkakawu ndakhala ndikuukayikira kalekale. Zitini zichoke lero!"

Atsikana anawomba m'manja monga anaphunzitsidwira. A Kingsford anatulutsa kabuku m'thumba la jekete.

"Dzina lako, mtsikana?"

Christina anatchula. Iwo analemba pang'onopang'ono, nafunsanso dzina la bambo ake.

Lolemba phala linabwera lopanda mkaka. Hilda anamaliza lonse mpaka kunyambita supuni. Christina anakhala naye pafupi, mbale yake isanakhudzidwe, khutu lili kumsewu. Galimoto ina inachepetsa liwiro pageti.

"Idyani, achemwali," anatero Hilda. "Lero nlabwino."

Galimotoyo inapitirira. Christina anatola supuni.