Nsanamira yachisanu ndi chiwiri

Aliyense wopita ku Tsangano amaima kaye kuti aione hotela ija. Ndi yaing'ono, zipinda khumi basi, koma mulibe njerwa yootcha ngakhale imodzi. Yonse ndi ya paini wodzalidwa ndi anthu, ndipo pamene adadulapo mtengo umodzi adadzalapo itatu. Mayi Eliness, amene adajambula mapulani ake, adabwera ndi nzeru yomata matabwa opyapyala ndi guluu, n'kuwapana mpaka asanduke nsanamira yoti munthu sangaikumbatire. Anthu adaseka poyamba. Lero omwewo amabweretsa alendo awo kudzaisisita.

Wamkulu wa akalipentala anali Yoramu, mwana wa malemu a Eliya. A Eliyawo adakalambira ku migodi ya ku Joni, akuimika mitengo yochirikiza denga la pansi pa nthaka. Adabwerako ndi chifuwa, kahamala kakang'ono ndi chizolowezi cholemba mitengo yodwala ndi choko. Kulikonse ankagogoda: mapaso a tchalitchi, mlatho, ngakhale bedi la eni ake. Ankati mtengo wabwino umayankha mokweza, wodwala umayankhira m'mimba.

Mayi Eliness anali ndi lamulo limodzi: thabwa lisamatidwe lisanaume. Koma sabata ina mvula idakana kukata, iwo ali ku Lilongwe, ntchito ikuchedwa. Yoramu adamata nsanamira yachisanu ndi chiwiri ndi matabwa osauma, oziziritsa m'manja. Kunja idaoneka bwino kuposa zinzake. Iye adangokhala chete, koma mumtima mukumudya.

Lidafika tsiku loti mawa lake akweze mtanda waukulu wa denga, amuna makumi awiri ali pansi pake. Mlonda, a Paison, adali atapita ku maliro ku Bwanje, ndiye Yoramu adagona pamalopo. Adawotcha kachewere, nadzifunda bulangeti pa utuchi. Nkhungu idatsika mpaka tochi kusowa ntchito.

Tulo tisanamugwire adamva kugogoda. Go, go, go. Kenako zii.

Adaganiza kuti ndi matabwa akudzinyongola ndi kuzizira. Koma matabwa sawerenga katatu. Adamva jombo zikukwekwereza pa utuchi, mwendo umodzi ukutsalira. Go, go, go, pa nsanamira yachiwiri. Idayankha bwino, ngati ng'oma yowamba padzuwa.

"Ndani?" adafunsa Yoramu.

Kugogoda kudapitirira. Yachitatu. Yachinayi. Wogogodayo sankafulumira. Pa iliyonse ankaima, ngati munthu watsamiritsa khutu. Yoramu ankawerenga limodzi naye. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi.

Kenako phu, phu, phu. Mawu onyowa, ngati kumenya thumba la madeya.

Adagogodanso. Phu, phu, phu. Padatsatira chifuwa chouma, chachitali, chothera m'kalikhweru. Chifuwa cha bambo ake chimenecho Yoramu adakula akuchimva kuseri kwa khoma, ndipo adachiika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Adakweza mutu. M'nkhungumo munali kuwala kofiirira ngati kwa nyali ya m'migodi, pa msinkhu wa chipumi cha munthu wamfupi. Munthuyo sadatembenuke.

"Iwe Yoramu," adatero motsitsa. "Mawa pansi apa paima ana a anthu."

Kuwala kudazima. Yoramu adalira, osati ndi mantha okha, komanso manyazi. Adakhala tsonga mpaka tambala.

Kutacha adapeza nsanamira ija ili ndi chizindikiro cha mtanda, cholembedwa ndi choko choyera. Pamalopo onse ankalemba ndi pensulo.

Mayi Eliness atafika, amuna atasonkhana kale ndi zingwe, Yoramu adavula chipewa.

"Mayi, musakweze. Iyi ndidamata matabwa ake asanaume. Ndidakubisirani."

Mayiwo adapita pa nsanamirapo. Adaitanitsa sowo. Ataidula, matabwa a m'kati adangolekana ndi manja, guluu ali nandanda ngati phala.

"A Yoramu, mukadakhala chete bwenzi lero tikunyamula anthu," adatero. "Mupanga ina, ndipo ndiima pomwepo. Nanga chokochi walemba ndani?"

Yoramu adapita kukasankha matabwa ouma.

Madzulo adapita kwa amayi ake, a Lufina. Kahamala kaja kanali pa msomali wake kuseri kwa chitseko, pamene sikadasunthepo chiikireni maliro. Adakagwira. Kanali konyowa ndi mame, ndipo kumutu kwake kunali utuchi wa paini.

"Ndidamva chitseko usiku," adatero a Lufina, osasiya kusankha nyemba. "Ndidangoti apite, bambo ako sadazolowere kukhala ntchito ili pakati."

Hotela idatha, ndipo ndi yokongola kwabasi. Mukalowa mumamva fungo la paini, ndipo June akafika m'kati mumafunda. A Paison amanong'oneza alendo kuti usiku wotsegulira adamva kugogoda nsanamira zonse khumi ndi ziwiri, imodzi ndi imodzi. Zonse zidayankha mokweza. Kenako jombo zidatuluka pa geti, ndipo sizidabwerenso.